Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mapulojekiti: musachoke musanatseke ntchito moyenera

Olemekezeka akuluakulu a mabungwe, mamembala a mabodi, inu opereka ndalama, ndi mabwana nonse amene mumasaina kuti pulojekiti iyambe ndiponso kuti yatha,

Landirani moni wanga ndi ulemu wonse. Ndikudziwa kuti udindo wanu ndi wolemera. Mumayankha kwa eni ndalama, mumasenza ziyembekezo za anthu ambiri, ndipo nthawi imakhala ikukuthamangitsani. Ine ndikulemba ngati mmodzi wa anthu amene timatsala pamalo inu mukanyamuka. Ndife amene timalandira nyumba, makina, mapaipi ndi mapulogalamu a pakompyuta amene magulu anu apanga, n'kumaziyendetsa zaka zambiri pambuyo pake. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundimvetsere ngati mnansi wanu.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi chisankho chimene chapangidwa posachedwa pa pulojekiti ina imene tikuyembekezera kulandira. Ntchito yomanga inachedwa, ndalama zinayamba kuperewera, ndiye akuluakulu anagwirizana kuti masabata amene anaikidwa kuti akhale oyesa makina, ophunzitsa anthu ndi operekera zinthu m'manja afupikitsidwe, ndipo mainjiniya asamukire ku pulojekiti ina tsiku lotsegulira likangodutsa. Sinditchula bungwe, chifukwa khalidweli silili m'bungwe limodzi lokha. Zinthu zikathina, gawo lotseka ndi limene limayamba kudulidwa, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: anthu amene adzavutike ndi kudulako sakhala nawo patebulo pomwe zisankho zikupangidwa.

Kutseka pulojekiti ndi ntchito payokha, yofuna anthu, nthawi ndi ndalama. Zimenezi si zanga ayi. Bungwe la akatswiri oyendetsa mapulojekiti la Project Management Institute, m'malangizo ake a 2017, linaika kutseka pulojekiti kapena gawo lake ngati ntchito yokhala ndi zofunika zakezake, ndipo njira yoyendetsera mapulojekiti ya PRINCE2 yochokera ku Britain, imene ambiri a inu munaphunzira, ili ndi ndondomeko yonse ya nkhaniyi. Satifiketi za maphunziro amenewa zili pamakoma a maofesi anu. Chimene ndikupempha n'chakuti zimene zili m'menemo zifike pamalo a ntchito.

Dandaulo langa loyamba, limenenso ndi lalikulu, ndi la momwe mumaperekera zinthu m'manja mwathu. Kawirikawiri zimangokhala msonkhano wa tsiku limodzi, fomu yoti tisaine, ndi katoni ya mapepala. Ndinalandirapo nyumba ya mapampu yopentedwa bwino, chikwangwani cha opereka ndalama chili nji pakhomo. M'kati munali bokosi loyendetsera mapampu lokhala ndi sikirini, ndipo kuti munthu asinthe nthawi yoyakira pampu, linkafuna pasiwedi. Pasiwediyo inali m'mutu mwa mnyamata wa kontirakitala amene anali atapita kale kukagwira ntchito kutali. Makiyi anatipatsa mumtolo umodzi opanda chizindikiro chilichonse, ndipo buku la malangizo linali la pampu ya mtundu wina, osati imene inali pamenepo. Usiku wina pampu itayamba kulira modabwitsa, mlonda anachita zimene munthu aliyense wosamala akanachita, anazimitsa zonse. Anthu anakhala opanda madzi mpaka titapeza wodziwa kutsegula bokosilo. Nthawi imeneyo n'kuti lipoti la pulojekitiyo litanena kale kuti zonse zatha bwino.

Musaganize kuti izi zimagwera mapulojekiti ang'onoang'ono okha. Pa 27 Marichi 2008, nyumba yatsopano ya bwalo la ndege la Heathrow ku London, yotchedwa Terminal 5, inatsegulidwa itadya mapaundi oposa 4 biliyoni. Nyumbayo inali yokongola ndithu. Koma m'mawa wa tsiku loyamba ogwira ntchito ena anavutika kupeza poimika galimoto, ena anachedwa pa zipata zachitetezo, ndipo ena sanathe kulowa m'makompyuta oyendetsa katundu wa apaulendo. M'masiku oyambirirawo maulendo a ndege mazanamazana analephereka, ndipo zikwama zoposa 20,000 zinasiyana ndi eni ake. Komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Britain yoona za mtengatenga itafufuza, zinadziwika kuti kuyesa makina ndi kuphunzitsa anthu sikunachitike mokwanira, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti ntchito yomanga inachedwa n'kudya nthawi yoyesera. Ndi chisankho chomwechi chimene chikupangidwanso m'maofesi ambiri lero.

Kuphunzitsa kumene kumachitikako nthawi zambiri kumakhala kwa chiphamaso. Amaitana anthu m'chipinda, amawaonetsa zithunzi pakhoma, amawajambula chithunzi cha gulu, basi kwatha. Munthu amene adzayendetse makina amafunika kuwagwira ndi manja ake wowamangayo ali pambali, awayatse, awazimitse, aone momwe amachitira magetsi akathima mwadzidzidzi, adziwe phokoso labwino ndi loipa. Amafunikanso kudziwa kumene zipangizo zosinthira zimapezeka komanso amene adzalipire. Kumupatsa makina popanda zimenezi kuli ngati kumupatsa khasu lopanda mpini n'kumuuza kuti munda ndi wake tsopano.

Chachiwiri ndi zolembedwa. Aliyense amene anagwirapo ntchito yomanga amadziwa kuti chimene chinajambulidwa ndi chimene chinamangidwa sizifanana ndendende. Okumba akakumana ndi thanthwe, paipi imapatuka. Chipangizo chikasowa pamsika, amaikapo china. Palibe cholakwika pamenepo, bola kusinthako kulembedwe pa mapulani omaliza osonyeza momwe chinthu chinamangidwiradi. Koma mapulani amenewa ndi amene amachedwa kwambiri, ndipo nthawi zina amangotenga mapulani oyambirira n'kudindapo chidindo. Zaka zikapita, anzanga amakumba pomwe pepala likuti pali paipi n'kupezapo dothi lokhalokha, kapena amakumba pomwe pepala likuti palibe kanthu n'kudula nthambo ya magetsi. Pamenepa munthu akhoza kutaya moyo.

Moto umene unabuka pa nyumba ya Grenfell Tower ku London pa 14 Juni 2017 unapha anthu 72, nyumbayo itangokonzedwa kumene chaka cham'mbuyo. Zifukwa za ngoziyo zinali zingapo, ndipo chachikulu chinali zipangizo zoyaka mosavuta zimene anakutira nazo kunja kwa nyumbayo. Komabe a Dame Judith Hackitt, amene anaunika malamulo omangira nyumba ngoziyo itachitika, ananenanso mu 2018 kuti uthenga wokhudza chitetezo cha nyumba zazitali nthawi zambiri sufika bwino kwa amene amaziyang'anira, ndipo anapempha kuti pazikhala mbiri imodzi yosaduka kuchokera pojambula, pomanga, mpaka pokhalamo anthu. Mfundoyi inalowa m'lamulo la Building Safety Act la 2022. N'zomvetsa chisoni kuti zinatengera imfa za anthu kuti nkhani ya mapepala iyambe kutengedwa ngati nkhani ya moyo.

Pa mapulojekiti a makompyuta vutoli limabisala kwambiri. Webusaiti imalembetsedwa ndi imelo ya wogwira ntchito mmodzi, laisensi ya pulogalamu imalipiridwa ndi kadi imene idzatsekedwe pulojekiti ikatha, ndipo mayina ndi zinsinsi za anthu amene munawalemba m'kaundula zimatsala pa laputopu imene palibe akudziwa kuti ili kwa ndani. Miyezi ingapo zonse zimaoneka ngati zili bwino. Kenako m'mawa wina sikirini imangonena kuti nthawi yatha. Anthu anakupatsani mayina awo, matenda awo ndi mavuto a m'mabanja mwawo chifukwa anakukhulupirirani. Asanachoke munthu womaliza, payenera kukhala chisankho cholembedwa cha zimene zisungidwe, wozisunga, ndi zimene zifufutidwe.

Chachitatu ndi ngongole zimene mumasiya. M'makontirakiti ambiri a zomangamanga, mwini ntchito amasunga gawo la malipiro, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, ngati chikole choti kontirakitala adzabwera kudzakonza zolakwika. M'makontirakiti a 1999 okonzedwa ndi bungwe la mainjiniya la FIDIC, amene amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, theka la chikolecho limabwezedwa mwini akalandira ntchito, ndipo theka linalo nthawi yoonera zolakwika ikatha, imene nthawi zambiri imakhala masiku 365. Makontirakitiwa amanenanso momveka kuti satifiketi yomaliza, imene imaperekedwa nthawiyi ikatha, ndi yokhayo imene imasonyeza kuti ntchito yavomerezedwa. Ndiye kuti pa tsiku lodula riboni pamakhala patatsala chaka chathunthu cha udindo. Funso langa ndi lakuti, m'chaka chimenecho amakhala pampando ndani, poti gulu lonse munalibalalitsa?

Zotsatira zake zimapweteka mbali ziwiri. Nthawi zina palibe amene amayendera ntchito, denga limayamba kudontha m'mwezi wachitatu, ife timalemba makalata osadziwa kuti akupita kwa ndani, chaka chimatha, chikole chimabwezedwa, ndipo kukonza kumagwera ife amene tilibe bajeti yake. Nthawi zina ndi kontirakitala amene amavutika: wakonza zonse, koma wosaina kuti alipidwe anasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwake akuti nkhaniyo sakuidziwa. Kampani yaikulu ikhoza kudikira. Amene sangathe kudikira ndi aja ang'onoang'ono amene anapatsidwa ntchito ya mawaya, ya utoto, kapena yonyamula katundu. Phindu lawo lonse limakhala m'chikolecho. Ndaonapo bambo wina akubwera pa geti ndi envelopu yothimbirira ya ma invoisi, akufunsa ofesi imene inatsekedwa kale, anyamata ake akumuimbira foni kufuna malipiro awo.

Musaiwalenso antchito anu omwe. Madalaivala, alonda, olemba ndi ogwira ntchito m'madera amamva za tsiku lomaliza kudzera m'manong'onong'o. Ndiye n'zosadabwitsa kuti m'miyezi yomaliza aliyense maso amakhala pa ntchito ina, ndipo odziwa zambiri ndi amene amayamba kuchoka, nthawi yomwe akufunika kwambiri. Sindikuwaimba mlandu, ali ndi mabanja. Ndikudziwanso kuti inu nthawi zina manja anu amakhala omangika, chifukwa opereka ndalama ambiri salola kulipira ntchito yochitika tsiku lotseka litadutsa. N'chifukwa chake kalatayi ikupitanso kwa iwo. Lamulo limene cholinga chake n'kuteteza ndalama likusiya zinthu zogulidwa ndi ndalama zomwezo zopanda woziyang'anira.

Chachinayi ndi magawo amene amatsekedwa papepala pokha. Pulojekiti imagawidwa m'magawo kuti pakutha pa gawo lililonse akuluakulu aime, aone, afunse ngati n'koyenera kupitiriza. Msonkhano umenewu ukasanduka mwambo chabe, zosatha za gawo loyamba zimakankhidwira m'lachiwiri, za lachiwiri m'lachitatu, mpaka zonse zimakaunjikana kumapeto. Bwalo la ndege la Berlin Brandenburg ku Germany linayamba kumangidwa mu 2006. Linkayenera kutsegulidwa pa 3 Juni 2012, koma kutangotsala masabata ochepa mwambowo unaimitsidwa chifukwa makina oteteza kumoto ndi otulutsa utsi sanali ovomerezeka. Linatsegulidwa pa 31 Okutobala 2020. Mavuto a msinkhu umenewo sabadwa m'mwezi womaliza. Amakhala atadutsa pa misonkhano yambiri pomwe munthu wina akanatha kunena kuti gawo ili silinathe, tisapitirire.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi ovuta kuwanena. Wowanena amaoneka ngati wochedwetsa anzake. Koma ngati pa zaka zanu zonse simunakanepo kutseka gawo ngakhale limodzi, ndikupempha mudzifunse ngati misonkhanoyo ikugwiradi ntchito yake.

Chachisanu ndi maphunziro amene timati tatengapo. Pafupifupi pulojekiti iliyonse imatha ndi lipoti la zimene taphunzira. Banki Yaikulu Padziko Lonse imafuna lipoti lomaliza pasanathe miyezi 6 pulojekiti itatsekedwa, ndipo mfundo zounikira ntchito zachitukuko za bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD, zimene zinakhazikitsidwa mu 1991 n'kukonzedwanso mu 2019, zimafunsa ngati phindu la ntchitoyo lidzapitirire thandizo likatha. Mafunso ndi abwino. Vuto ndi lakuti malipotiwa amalembedwa mothamanga ndi munthu mmodzi wotsala, m'mawu osalala oti asakhumudwitse aliyense, ndipo ife olandira satifunsa n'komwe. Akatha amalowa m'foda, ndipo gulu la pulojekiti yotsatira limayamba osawatsegula. Paja safunsa anadya phula.

Ngakhale mabungwe a akatswiri zedi amagwa m'mbuna imeneyi. Chombo cha mumlengalenga chotchedwa Challenger, cha bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga la NASA, chinaphulika pa 28 Januwale 1986 n'kupha anthu 7. Pa 1 Febuluwale 2003, chombo cha Columbia chinasweka pobwerera padziko lapansi, n'kuphanso anthu 7. Chipangizo chimene chinalephera chinali chosiyana, koma ofufuza ngozi yachiwiriyi anapeza kuti khalidwe la bungwe linali lomwelo: vuto linkaoneka pa maulendo am'mbuyo, koma popeza silinabweretse ngozi, linayamba kutengedwa ngati lozolowereka ndipo nkhani inkatsekedwa. Malipoti a ngozi yoyamba analipo. Chimene sichinakhalitse ndi kusintha kwa kachitidwe ka zinthu.

Pomaliza pa madandaulo, ndinene mwachidule za mapulojekiti amene amangozimirira. Ndalama zimasiya kubwera, galimoto sizionekanso, ndipo palibe kalata, palibe msonkhano. Anthu amene anapereka malo awo ndi nthawi yawo amatsala akudikira. Maziko okumbidwa amadzaza madzi, ana n'kumasewera m'mbali mwake. Kuimitsa pulojekiti nthawi zina ndi nzeru, ndipo PRINCE2 imene ija imanena kuti yoimitsidwa panjira iyeneranso kutsekedwa mwadongosolo. Chimene chimawawa ndi kuchoka osatsanzika, chifukwa amene adzabwere pambuyo panu ndi nkhani yabwino adzapeza anthu atatseka makutu.

Choncho, olemekezeka, ndikupempha zotsatirazi:

1. Gawo lotseka liikidwe mu bajeti ndi m'ndondomeko kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndalama zake zisakhudzidwe ntchito ina ikachedwa. Kumanga kukachedwa, tsiku lotsegulira lisunthe, osati nthawi yoyesera ndi kuphunzitsa.

2. Amene adzalandire ntchito atchulidwe pachiyambi, aziitanidwa pakutha pa gawo lililonse, ndipo akhale ndi mphamvu yokana kusaina popanda kuopsezedwa. Zoyenera kukwaniritsidwa kuti ntchito ilandiridwe zilembedwe ndi kugwirizanidwa ntchito isanayambe.

3. Malipiro omaliza a kontirakitala asatuluke mpaka mapulani olondola, mabuku a malangizo a makina enieniwo, makiyi olembedwa, mapasiwedi, malaisensi ndi mapepala a waranti afike m'manja mwa olandira, ndipo wina ayende pamalopo kutsimikiza kuti pepala likugwirizana ndi zimene zilipo.

4. Munthu mmodzi, wodziwika dzina ndi udindo, atsale ndi pulojekiti mpaka nthawi yoonera zolakwika ithe. Iye alandire madandaulo, ayendere ntchito nthawiyo isanathe, ndipo aonetsetse kuti chikole chafika kwa onse oyenera, ang'onoang'ono omwe. Inu opereka ndalama, lolani kuti ntchito imeneyi izilipiridwa ngakhale tsiku lotseka litadutsa.

5. Antchito auzidwe tsiku lawo lomaliza nthawi ilipo, alandire zonse zawo ndi kalata ya umboni asanachoke, ndipo amene akufunika mpaka kumapeto apatsidwe chifukwa chokhalira.

6. Zimene taphunzira zizilembedwa pakutha pa gawo lililonse anthu akadali pomwepo, olandira ndi makontirakitala akhalepo, ndipo pulojekiti yatsopano isavomerezedwe gulu lake lisanasonyeze kuti lawerenga za yam'mbuyo komanso zimene lasintha.

7. Pulojekiti ikaimitsidwa panjira, pitani mukauze anthu pamaso, malo oopsa atchingidwe kapena akwiriridwe, ndipo katundu wotsala alembedwe n'kudziwika mwini wake.

8. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, bweraninso mudzaone ngati chimene munasiya chikugwira ntchito, ndipo zimene mwapezazo zilowe m'mbiri ya pulojekitiyo, zabwino ndi zoipa zomwe.

Anzanga amene mukuwerenga kalatayi, amisiri, oyang'anira nyumba, anamwino ndi aphunzitsi amene munalandirapo zinthu zopanda malangizo, makontirakitala amene mukudikirabe chikole chanu, ifikitseni kwa akuluakulu anu ndipo muwonjezerepo zimene inu mwakumana nazo. Kwa inu akuluakulu, ndikupempha kuti mfundozi zikambidwe pa msonkhano wanu wotsatira wa bodi, ndipo mutiyankhe molemba kuti ndi ziti mwavomera, ndi ziti mwakana, komanso chifukwa chake.

Ine wanu mwaulemu,
Mmodzi wa olandira ntchito zanu zikatha